Kabuku Kopanda Kanthu ka Doña Eufemia

Mvula ya Okutobala kuno simachenjeza. Mtsinje ukayamba kununkha matope, aliyense amakweza matumba a nyemba pathebulo, n'kumangirira malata ndi waya.

Doña Eufemia Zelaya akhala mu ofesi yolembera obadwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Madzi atasefukira chaka china anawoletsa mabuku asanu ndi anayi, moti anthu ena m'tauni muno alibe pepala losonyeza kuti anabadwa. Kuyambira pamenepo mayiwa amajambula masamba otsalawo limodzilimodzi, kuwasunga m'kompyuta. Masana aliwonse pulogalamu ina imakopera zatsopano m'kadisiki kakuda, koti madzi akabwera munthu angokanyamula.

Lachiwiri lina anajambula masamba makumi anayi. Chizindikiro chobiriwira chosonyeza kuti kukopera kwatheka chinayaka monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo anatsegula lipoti la pansi pake. Linali m'Chingerezi, choncho analimasulira ndi foni: "Kabuku ka zosintha kawonongeka. Kayambidwanso. Palibe chosintha. Zatheka."

Anaimbira Rigoberto, katswiri amene anawaikira makinawo, wokhala mumzinda wa San Pedro Sula.

"Chayaka chobiriwira, Doña?" anafunsa Rigoberto uku akutafuna.

"Chayaka."

"Ndiye kamwereni khofi. Malipoti amenewo si olembera anthu."

"Nanga analembera abuluzi? Meza kaye chakudyacho, mwanawe. Ndajambula masamba makumi anayi, dzanja likuchita kuwawa, icho chikuti palibe chosintha. Wabodza ndani, ine kapena icho?"

Rigoberto anasiya kutafuna. Anafotokoza kuti pulogalamuyo siyang'ana mafayilo onse tsiku lililonse. Imasunga kabuku kake momwe imalemba dzina la chilichonse chatsopano, ndipo imakopera zokhazo zimene zili m'kabukumo. Magetsi akazima ikulemba, kabukuko kamawonongeka. Imakataya n'kutsegula kena kopanda kanthu.

"Ndiye imawerenga kopanda kanthuko n'kunena kuti ntchito yatha?"

"Kwa iyo yathadi, Doña. Palibe chimene yalakwitsa."

"Ine nditataya buku n'kulemba kuti mwezi uno sikunabadwe mwana, ukanati sindinalakwitse? Kuno magetsi amazima kangati, sudziwa? Unawaika wekha makinawa nyali itazima, ndikukuunikira ndi foni."

Anabwerera m'mbuyo m'malipotiwo, foni ili pakhutu. Mawu omwewo anawapeza mu Seputembala kasanu ndi kawiri, mu Ogasiti kanayi, mpaka mu Juni. Pamwamba pa lililonse panali chobiriwira chija. Masamba a masiku amenewo anali m'kompyuta mokha, pansi pa desiki, pamene madzi amayambira kufika.

"Ndibwera Lachisanu," anatero Rigoberto.

"Uuze mtsinje udikire Lachisanu. Tandiuza podina kuti chikopere zonse, chisafunse kabuku."

Anawauza. Kompyuta inati zitenga maola anayi. Doña Eufemia anazula feni ndi ketulo pakhoma, analumikiza kompyutayo ku batire yagalimoto ya a Nicanor oyandikana nawo kuti isazime magetsi akathima, n'kukhala pampando manja atapinda. Kunja ngalande zinali zitadzaza kale.

Itakwana folo koloko chobiriwira chinayaka. Sanachiyang'ane n'komwe. Anatsegula kadisiki kaja okha, nafufuza masamba a Juni, a Ogasiti ndi a m'mawa womwewo, akuwerenga mayina chapansipansi. Onse analimo. Anakazula, anakakulunga m'mapulasitiki awiri, anakaika m'chikwama, n'kukhoma chitseko.