Sabata imene ndinaphunzitsa mwana wanga mwano

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anamusankha kukhala nduna youkira mfumu m'sewero la kusukulu. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye mbiri ya ndunayo anandifotokozera ndi iyeyo tili m'basi ya ku Lewisham. Akuti kalekale kuno ku Mangalande kunali msuweni wa mfumu, mwini minda yambiri ndi nyumba za malinga. Anakwiya poona kuti mfumu ikungomvera mnzake mmodzi, nasonkhanitsa asilikali, koma anagonja. Anamukweza pa kavalo woonda anthu akumukuwiza, n'kukamudula mutu.

"Ndiye ukukondwera kuti akakudule mutu?" ndinamufunsa.

"Mami, ndine ndikuyankhula kwambiri kuposa onse!" anandiyankha m'Chingerezi, monga amachitira.

Lolemba lina aphunzitsi ake anandiimitsa pageti, pamene ndinkakonda kubisala kuseri kwa ngolo ya khanda. Anati wokhala mfumu m'seweromo ndi ahedi, ndipo mwanayo akangofika pamaso pawo amagwada n'kuzyolika. Chonsecho ndunayo iyenera kuima nji, kuyang'ana mfumu m'maso n'kunena kuti, "Sindigwada!" Zikapanda kusintha pofika Lachisanu, malowo apatsa mwana wina.

Kugwadako ndinamuphunzitsa ndine, atangoyamba kuyenda. Kutchalitchi kwathu ku Tottenham amayi ankamuloza pouza ana awo kuti, "Mukumuona mnzanuyo?" Koma Lolemba limenelo mwanayo analira njira yonse, ndipo ndinadziwa kuti ntchito ndi yanga.

Titafika kunyumba ndinakhala pa sofa, beseni lapulasitiki kumutu ngati chisoti chaufumu. Iye anabwera mwamphamvu kuchokera kukhitchini, koma atandiyandikira maondo anayamba kupindika okha.

"Imirira iwe! Ndiyang'ane m'maso!"

Anandiyang'anadi. Amene anathawitsa maso ndine.

Bambo ake, amene anali atangofika kuchokera kuntchito yawo yosamalira okalamba, anaseka mpaka kutsamira chitseko. "Amake mwana, mfumu yanji yoyang'ana kapeti? Inuyo ndiye mukufunika sukuluyi."

Ankanena zoona. Masiku anayi amenewo tinaphunzira tonse awiri, ine ndi mwanayo. Tinkayang'anizana ngati atambala, woyamba kuphethira azitsuka mbale. Ndinatsuka mbale zambiri sabata imeneyo. Lachisanu aphunzitsi anati wayesako, samuchotsa pa undunawo.

Tsiku la sewero holo inadzaza makolo. Mwana wanga anatulukira atavala chovala chankhondo cha katoni, ahedi ali pampando ndi ndevu za thonje. Atawayandikira, ndinaona mwanayo akuyamba kutsika kuti agwade. Anatembenuka kundifunafuna, ndipo ine, amene ndinakhala kumbuyo kwenikweni, ndinaimirira n'kumuyang'ana osaphethira.

"Sindigwada!" anakuwa, mpaka ndevu za ahedi zinasendemuka.

Nthungululu inangotuluka yokha m'kamwa mwanga. Holo yonse inacheuka. Ndinafuna kulowa pansi pa mpando, koma mayi wina wa ku Chipata amene panthawiyo sindinkamudziwa anailandira kutsogolo, azungu n'kuyamba kuwomba m'manja.

Kumapeto anamubweretsa kwa wodula mutu, kamtsikana konyamula nkhwangwa yapepala. Apa ndiye pofunika kugwada. Mwana wanga anatsika bwinobwino, msana uli chilili, manja pamiyendo, ngati akupereka madzi kwa alendo.

Potuluka aphunzitsi anandigwira mkono. Anati sewerolo akhala akulichititsa zaka zambiri, koma sanaonepo nduna yogwada mokongola chonchi. Ndinawathokoza ndikuwayang'ana m'maso, ngakhale zinali zakanthawi kochepa.