APaison ndi Diso la Mtengo wa Amuna Anga

Ine ndi aPaison tinadziwana ndi mkangano. Munali mu Juni chaka cha 2011, ine nditakhala m'mbali mwa msewu pa Mwanza boma ndi lichero la manachesi, kudikira mabasi ochokera ku Joni. Basi ina itaima, munatsika bambo wamtali wa imvi za m'mbali. Anzawo ankatsitsa mafiriji ndi mitolo ya mabulangete, iwo kachikwama kamodzi basi.

Anatola chipatso chimene chinali ndi tsamba, koma m'malo mosenda anayamba kupenda tsambalo, kulitembenuza uku ndi uku.

"Mayi, mtengo wanu ukudwala."

"Odwala ndinu," ndinawayankha. "Munthu kuchokera ku Joni ndi kachikwama ngati mwachokera kuchigayo! Mugula kapena mungonunkhiza?"

Anaseka mpaka kutsokomola, nagula, napita. Ine ndinatsala ndi mkwiyo tsiku lonse, chifukwa zimene ananenazo zinali zoona.

Mtengowo anadzala ndi amuna anga, malemu aZakeyu, amene anabwera kwathu pa chikamwini. Masiku amenewo mkamwini sankadzala mitengo pamudzi pa mkazi, podziwa kuti tsiku lililonse angathe kupatsidwa mphasa yake n'kuuzidwa kuti aione njira. Koma Lucia, mwana wathu woyamba, atabadwa, iwo anakumba dzenje kuseri kwa nyumba. Mlongo wanga Mateyu anawaseka: "Alamu, mukudzalira yani?" Iwo anati, "Ndikudzalira ine ndemwe. Ndili pompano." Ndipo anakhaladi mpaka tinawaika m'manda a kwathu. Tsopano mtengo wawo unali kuuma kuyambira kunsonga, masamba achikasu, tsinde likulira utomoni, ndipo Mateyu akadutsa ankauyang'ana ndi maso a nkhuni.

Patapita sabata, ndinangomva "Odi!" Anali bambo uja, ali panjinga. Anali atafunsira kwa amayi anzanga a pamsewu, poti mudzi wathu uli m'njira ya kwawo ku Thambani.

Ndi tsiku limenelo ndinayamba kumva za moyo wawo. Anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akusamala maluwa ndi mitengo pa nyumba ina yogona alendo, m'mphepete mwa nyanja ya mchere kufupi ndi Kepitawuni. Ankati nyumba za kumeneko n'zoyera mbuu, zomangidwa m'phiri moyang'ana madzi, makoma ake agalasi okhaokha. Anthu ankabwera pandege kuchokera ku Ulaya kudzangogona pamchenga mpaka kufiira ngati nyama yowamba. Ojambula ankakhala tsiku lathunthu akujambula ngalawa ya eni ake. Oimba ndi anthu a m'kanema ankavala magalasi akuda kuti asadziwike, koma akapanda kudziwika ankakwiyanso.

"Tsiku lina," anatero, "ndinapeza bambo wa ndolo m'makutu akuthyola ndimu langa losapsa. Ndinam'thira madzi a paipi. Kenaka dona wanga akubwera atagwira mutu, akuti ameneyo ndi woimba amene anthu amakomoka akangomuona."

"Ndiye munatani?"

"Ndinati aziimba, koma ndimu alisiye lipse."

"Nanga m'nyanjamo munasambamo?"

"Ine? Madzi ozizira ngati a mufiriji, osamweka, osathirira mbewu! Ndinkangowayang'ana ndili pantchito."

Ntchito yake inali yoti mphepo ya kunyanja inkabwera ndi mchere umene unkawaula masamba, ndiye m'mawa uliwonse ankatsuka mitengo ya mandimu ndi madzi abwino, ngati ana opita kusukulu. Nkhalamba ina imene anaipeza pantchitopo inawaphunzitsa kumezanitsa mitengo, ndipo popuma pantchito inawasiyira kampeni ka chigwiriro cha fupa. Kampeni kameneko ndi kamene kanali m'kachikwama kaja. Ana awo anali ataphunzira, nyumba ya malata inalipo, koma a ku Thambani ankafuna kuona galimoto, ndiye anawapatsa dzina loti aKampeni.

Anazungulira mtengo wa aZakeyu katatu, nakanda khungwa ndi chikhadabo.

"Amake Lucia, sindikunamizani. Uwu wapita. Mizu yaola."

Ndinakhala pansi pomwepo.

"Koma maso ake alipo," anapitiriza. Anandionetsa timatuza tating'ono timene timakhala pamene tsamba lagwira nthambi. Anati kadiso kamodzi kotere kakaikidwa pa tsinde la ndimu laling'ono, kamaphuka n'kukhala mtengo womwewo, zipatso zomwezo, kukoma komweko, pa mizu yatsopano. Ife kuno tinkangodziwa kudzala nthanga, ndipo mandimu tinkawayesa zinyalala. Kuseri kwa bafa, kumene kumayenda madzi, kunali timandimu tomera tokha khumi, timene ndinali nditalonjeza kutizula. Anati ndikatikhudza adzandisumira kwa amfumu.

Kuzizira kutatha, mu Seputembala, anabweranso. Anasankha timandimu tisanu ndi tiwiri tonenepa ngati pensulo. Pa kalikonse anacheka khungwa pang'ono, nalowetsamo diso la mtengo wa aZakeyu, nakulunga zolimba ndi timizere ta pepala la shuga.

"Masabata atatu. Musamasule, musasuzumire."

Ndinapirira masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi dzuwa linawomba kwambiri, ndipo ndinaona thukuta m'kati mwa timapepala tija. Mtima unandipweteka. Chinthu chamoyo chingapume bwanji chitamangidwa m'pulasitiki? Ndinamasula tonse, ndipo monga mmene amayi anga ankachitira mtengo ukatemedwa, ndinamata mabalawo ndi dothi losakaniza ndi ndowe.

APaison atabwera anapeza maso onse asanu ndi awiri atada bii. Anayang'ana ndowe zija, nayang'ana ine.

"Mbuzi," ndinatero.

"Mbuzi za kwanu kuno zimadziwa kumasula mfundo ndi kumata? Mundigulitseko imodzi, izikandizirira nyumba."

Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi inangotuluka. Pamtengo waukulu panali patatsala nthambi imodzi yokha yamoyo, ya kum'mawa, ndipo timandimu tinali titatsala titatu. Sanandikalipire. Anakwera okha pamtondo wogubuduza, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, nadula kansonga ka nthambiyo. Anapezapo maso atatu abwino. Pokulunga anandiuza kuti pepalalo silitsamwitsa diso, koma limaliteteza kuti lisaume mpaka ligwirane ndi tsinde.

"Ulendo uno manja anu akayabwa, mukatibule chimanga," anatero.

Masabata atatu amenewo ndinkadutsa kuseri kwa bafa manja ali kumbuyo ngati mkaidi. Tsiku lomasula, diso loyamba linali lakuda. Lachiwiri lakudanso. Pa lachitatu anachedwa dala, akumasula pang'onopang'ono, kenaka anasuntha kuti ndione ndekha. Linali lobiriwira, lotupa ngati kanjere ka mapira.

Mvula yoyamba isanagwe, nthambi ya kum'mawa ija inauma. Ndinamuitana ndekha Mateyu kuti abwere ndi nkhwangwa. Chaka chachitatu kamtengo katsopano kanabala zipatso zisanu ndi zinayi, za khungu lopyapyala, zotsekemera ndi kakuwawasa ka kumapeto, ndendende za aZakeyu. Choyamba ndinam'patsa Lucia.

Mbiri inawanda. Amene ankawatcha aKampeni anayamba kuwatumizira njinga za kabaza kuti akawatenge. Anayenda midzi ya kwa Kanduku, kukwera zitunda, kuphunzitsa aliyense wofuna, ndipo malipiro awo nthawi zambiri anali mbale ya mtedza. Ine ankanditenga ngati chitsanzo. "Awa ndi aphunzitsi a zoyenera kupewa," ankatero pamaso pa anthu, ine n'kumawaopseza ndi chikuni. Koma ndinaphunzira, ndipo manja anga anazolowera.

Mu 2022 ndinamva kuti afooka, ndipo ndinakwera pikapu ya ku Thambani ndi kansonga ka mtengo wanga nditakakulunga m'nsalu yonyowa. Ndinawapeza pakhonde, maso atachita nkhungu, manja akunjenjemera moti kapu ankawagwirira akazi awo, aEmelda.

"Manja anga enieni ali ku Ulaya," anandiuza. "Mzungu wina wojambula anawajambula ndikutsuka masamba, nkhope anaisiya. Akuti chithunzicho chinakwera ndege. Awa ndatsala nawowa ndi obwereka."

Ndinawafunsa ngati panali ndimu laling'ono pakhomopo. Linalipo, pafupi ndi khola la mbuzi. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti munthu amene anadzaza midzi ndi manachesi analibe mtengo wa mtundu wa aZakeyu pakhomo pake. AEmelda anatulutsa kampeni kaja, ndipo tinawasunthira mpando pafupi. Ndinacheka, ndinalowetsa diso, iwo akupapasa ndi chala kuti amve ngati lakhala bwino.

"Mwapendeketsa."

"Sindinapendeketse, ndi chala chanu chikuvina."

"Mangani zolimba. Ndipo amake Lucia..."

"Ndamva, ndamva!"

"Emelda, mayi awa akabwera masabata atatu asanakwane, uwamasulire galu."

Ndinadikira masabata atatu athunthu. Nditabwerera, ndinagwada pafupi ndi khola n'kumasula pepala. Iwo anali pampando womwewo, khutu atatchera.

"Nanga?"

"Lobiriwira."

Anatambasula dzanja, ine n'kuwagwira chala n'kuchifikitsa padiso paja. Anachisiya pomwepo kanthawi.

"Lagwira," anatero. "Emelda, uwapatse madzi akumwa awa. Aphunzira tsopano."