Chibenthu cha Botolo

Lero nyali ya parafini inafuka, ndipo fungo la mwaye linandibwezera ku Tsangano ndili kamtsikana.

Aphunzitsi athu, amene tinkawatcha Apulofesa, anali atalonjeza kuti tsiku la kadamsana tidzayeza kukula kwa mwezi ndi chingwe ndi mbatatesi, tione momwe chaching'ono chimaphimbira chachikulu chikakhala pafupi. Ndinafukiza chibenthu cha botolo choonera dzuwa mpaka zala kupsa.

Tsikulo abambo anandilanda chibenthucho n'kupatsa mchimwene wanga.

"Iwe tenga khasu. Mwezi ukauyeza udzadya?"

Kuwala kutayamba kuzilala masanasana tikukumba kumunda, ndinakweza mbatatesi imodzi, mkono uli tambasu. Inaphimba dzuwa lonse.

"Ponya m'thumba imeneyo," anatero amayi, osaweramuka n'komwe.