Tsiku Limene Mtondo Unakwera Lole ya ku Limbe

Tinanyamuka kumudzi mame akadali m'nandolo. Achemwali anga a Enelesi anasenza dengu la chimanga, minsi iwiri atamanga ndi luzi pamwamba pake, ine mtondo paphewa. Inali nthawi ija boma la chitaganya litangoyamba. Sukulu ndinali nditaisiya kale mu Sitandade 2 nditalimbana ndi mkwapulo wa aphunzitsi, ndipo m'mudzi monse ankadziwa kuti ine Laisoni sindiseweretsedwa.

Achemwali anayamba kuimba ali kamtsikana, m'kwaya ya ku Mbombwe kumene amayi ankapemphera. Kumeneko anaphunzira kugwira mawu kuti asanjenjemere. Koma nyimbo zawozawo anazitola pamtondo. Kwathu kuno, zimene mkazi sangathe kunena pamaso pa mwamuna kapena apongozi amazinena akusinja, ndipo palibe angamuimbe mlandu, poti ndi nyimbo. Achemwali anakula nalo luso limeneli. Wakuba nkhuku, mkamwini waulesi, onse ankadzimva okha dzina lisanatchulidwe. Kenaka anthu anayamba kuwaitana m'maukwati mpaka ku Kadewere, ndipo azimayi ankasiya miphika ikupserera kuti akamve.

Chimene chinatitengera ku Limbe chinali china. Amuna awo, alamu anga a Faisoni, anapita kukagwira ntchito kunja kwa dziko lino, ku Sozibele, natchona. Mwana amene anamusiya kumsana anali atayamba kulisha mbuzi osawadziwa bambo ake. Tsono kunamveka kuti ku Limbe kwabwera anthu a wayilesi ndi makina ojambula mawu, ndipo nyimbo zawo zimamveka mpaka m'makomboni a ku Sozibele.

"Amithenga alephera," anatero achemwali. "Akandimvere pamtondo."

Nyimbo ya pamtondo imafuna anthu awiri: munsi wina ukamakwera wina ukutsika, wina akatsogola wina avomere. Mnzawo wosinja naye, Abiti Jafali, tinapangana kukumana naye pamsewu pa Mbulumbuzi. Tinam'peza ali chilili, atavala nsalu yakumunda.

"Pepani anzanga, bambo akunyumba akana. Akuti mawu anga akalowa m'makina sabwereranso."

Ine ndinatula mtondo kuti ndikawaone bambowo. Achemwali anandigwira malaya. "Achimwene, mkwiyowo usungeni. Ku Limbe n'kutali, muufuna."

Dzuwa litakwera pang'ono inabwera lole ya Mmwenye yodzaza matumba a nandolo, anthu atakhala pamwamba pa matumbawo. Munthu shilingi imodzi. Kondakitala anayang'ana mtondo nati ulipire tiki, makobiri atatu.

"Uli ndi miyendo?" ndinafunsa.

"Miyendo ulibe, koma matako uli nawo. Onani malo watengawo."

Ndinati chabwino, malo akhale amodzi, n'kukhala pamtondopo. Amayi onse m'lolemo anakuwa pamodzi ngati ndaponda mwana. "Dzukanipo inu! Mwamuna sakhala pamtondo, mukufuna malodza?" Tiki uja ndinalipira, mtondo unakhala pathumba lake ngati bwana.

Pa Njuli lole inaima kuti amwetse injini madzi. Tinagula chinangwa chophika ndi chipanda cha thobwa. Bambo wina wa njinga, kabudula wake zigamba zokhazokha, anandiona nditakumbatira mtondo kuti usagwe.

"Aphwanga, akaziwa mwakwatira liti? M'chiuno muli bwino!"

Mwendo umodzi ndinali nditautsitsa kale. Koma achemwali anangoyamba kumenya dengu ndi chikhatho, naimba pomwepo za bambo wa zigamba amene singano yamutopera, ikupempha tchuthi. Mzere wachiwiri usanathe lole yonse inali ikuvomera. Bambo uja anakwera njinga yake osamaliza thobwa. Chibakera changa sichinathamangitsepo munthu msanga choncho.

Tinadutsa Mapanga fumbi lili m'mano, phiri la Chiradzulu likuchepa kumbuyo kwathu. Mu Limbe tinalowa dzuwa lili paliwombo. Fungo la fodya paliponse, masitolo a Amwenye ali ndandanda, ngolo ndi njinga zikulimbirana njira. Sitima italira, achemwali anaima pakati pa msewu dengu lili pamutu. Ndinadziwa kuti ndi yomweyo inatenga alamu.

Makina anawaika kuseri kwa holo ina, pansi pa mtengo wa mango. Panali mzungu atavala zotseka m'makutu, ndi kalaliki wa tayi woitana anthu. Odikira onse anali amuna, a magitala, a banjo, a bangwe. Nthawi yathu itakwana kalaliki anati, "Mayi, mtondowo usiyeni uko, kuno si kumudzi. Imani apa, manja pansi, musagwedezeke."

Achemwali anaima. Anatsegula pakamwa, panatuluka timawu ta mwana wodwala malungo. Anayesanso, chimodzimodzi. Munthu amene ankagwedeza ukwati wonse anali ngati nkhuku yonyowa.

"Nyimbo yanga ili m'mikono, bambo," anatero. "Manja ali pansi siituluka."

"Wotsatira!" anakuwa kalaliki.

Apa mkwiyo uja ndinausunga pa Mbulumbuzi unagwira ntchito. Zimene ndinamuuza kalaliki za tayi wake sindingazilembe pano. Mzungu anavula zam'makutu zija nafunsa chavuta n'chiyani, ndipo atamva anati mtondo ubwere, koma tifulumire, iwo anyamuka madzulo omwewo.

Achemwali anathira chimanga, poti mtondo wopanda kanthu sausinja, nawaza timadzi. Anakweza munsi: thi! Kenaka zii. Thi! Zii. Pamalo pa Abiti Jafali panali dzenje, ndipo nyimbo inkagweramo. Anayang'ana uku ndi uku, amuna okhaokha. Anandiyang'ana ine. Sanapemphe.

Nyimbo zimenezo ndinakula nazo, ndinkazidziwa ngati njira ya kudambo. Ndinavula jekete n'kutola munsi wachiwiri. A magitala aja anafa nacho chiseko. Wina anati, "M'patseni ndi chirundu chomwe!" Tsiku lina lililonse akanataya dzino. Koma munsi wa achemwali unali ukukwera kale, wanga unayenera kutsika.

Thi, thi! Thi, thi! Mawu anabwerera onse.

"Sitima inakutengani usana,
pobwera mukudikira chiyani?
Nandolo wanu wafumbwa m'nkhokwe,
mwana akuti bambo ndi phiri lija."

Ine ndikuvomera ndi liwu langa la ng'ombe, "Eee, wafumbwa!"

Chiseko chinatha chokha. Mkulu wina wa bangwe, amene ankati anakhalako ku migodi, anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope. Titamaliza panalibe woomba m'manja msanga. Mzungu anatiyatsira makina, tinamva achemwali akuimba pakamwa pawo pali potseka.

"Ndi ine ameneyo?" anafunsa. "Ndiye akandimva."

Tinamwa tiyi ndi sikono pafupi ndi msika, tinakwera lole yomwe ija. Kondakitala anati mtondo ulipirenso, ndipo ndinalipira osatsutsa, manja ali matuza. Tinatsika pa Mbulumbuzi dzuwa likulowa, mphale ili m'dengu.

Mvula itatha, tsiku lina masana, tinangoona munthu wa sutikesi akulowa pabwalo. Alamu a Faisoni, atanenepa, nsapato zonyezimira. Moni sanapereke, mwana sanamufunse.

"Mwamuna uja ankavomera pamtondo wa mkazi wanga ndani?"

Achemwali anandiloza ndi mlomo. "Nyimbo yonse ija, inu munamvapo zimenezo zokha?"

Alamu sanabwererenso ku Sozibele.

Lero pa Mbulumbuzi pabwera chigayo, ndipo m'mawa minsi imamveka apo ndi apo. Achemwali amaimbabe m'maukwati, wina akuwakhwatchira gitala, anthu n'kumati n'zokoma. Koma amene sanawamve thukuta likutsika m'mikono, gaga akuuluka, sanawamve. Mtondo uja unang'aluka, nkhuku zimaikiramo mazira kuseri kwa nyumba. Ine ndamenyana ndi anthu ambiri m'moyo wanga, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinam'bweza kumudzi ndi chibakera. Amene ndinam'bweza, ndinam'bweza ndi munsi.