Mkulu Wofunsa Galimoto Kwawo

Kwa Mwambo kuli mkulu wina wogulitsa matemba amene amafunsa galimoto monga afunsira mkamwini: "Kwanu n'kuti?" Amati ya ku Japani ndi mwana womvera, imameza fumbi osadandaula, ndipo ikadwala zipangizo zake zili pa Songani pomwepa. Ya ku China amangoimwetulira, ati ikadali yaing'ono, tidzaiona ikakula. Chonsecho iwo eni amayenda pa njinga.

Faizal atabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto ya ku Jeremani, mudzi unayamba kumuchepera. Anafuna kuigulitsa kuti abwerere mvula isanatseke msewu, ndipo wokhoza kugula anali mkuluyu yekha.

Mkuluyo anavula nsapato, n'kulowa m'galimotomo, n'kukhala pampando wachikopa, n'kutseka maso. Mphepo ya ku Chilwa inkalowa pawindo, iwo akumwetulira ngati akudutsa m'mayiko oyera ndi chisanu.

"Yatani, madala? Injini ndi yamphamvutu iyi."

"Yamphamvu, inde. Koma ili ngati iwe, mwanawe, thupi kuno mtima kutali. Ndiikemo matemba, ilira. Sindigula."

Mvula inagwa, msewu unasanduka phala, Faizal sanapite. Masiku ano madzulo alionse mkuluyo amabwera pansi pa mango pamene paima galimotoyo, kuvula nsapato, n'kulowa.

"Oyendetsa, lero tikafike kwawo kwa galimotoyi."

Faizal amagwira chiwongolero, injini ili chete, ndipo amanyamuka.