Kuimirira pa Chithunzi cha Msilikali

Pepani kuti ndalimba mtima kulemba, ine amene sukulu yanga ndi ya kumudzi. Komanso msilikali wa m'nkhaniyi si wakwathu.

Ntchito yanga yoyamba ku Gaithersburg, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, inali yosamalira bambo wina wokalamba wochokera ku Malaysia. Mwana wawo wamkazi anandichenjeza kuti bamboyo anagwapo kawiri, ndipo akagwanso adzawapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Iwo ankaopa kumeneko kuposa imfa.

Pabalaza panali chithunzi cha msilikali wachinyamata. Wokalambayo anandiuza kuti ameneyo anali mkulu wa gulu limene bambo awo owabereka ankamenyamo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Paphiri lina ku Singapore msilikaliyo anakana kugonja kwa Ajapani. Zipolopolo zitatha anamenyabe ndi mipeni ya kumfuti, mpaka anamugwira n'kumupha. Kwawo ana amaphunzira za iye kusukulu mpaka lero.

Febuluwale atayamba, bamboyo anasowa mtendere. Ndikangotembenuka, ndinkawapeza adzuka pampando, akudzandira kulowera kuchithunzi. Ndinkawakhazika, iwo n'kudzukanso. Nanenso ndinaleka kudya bwino, khutu lili kubalaza.

Tsiku lina ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa kwathu popempha wamkulu: ndinagwada pamaso pawo, pansi pa chithunzicho, n'kuwachonderera kuti akhale. Anakwiya kwambiri.

“Dzuka, mwanawe. Pamaso pa munthu uyu sagwada.”

Ndinachita manyazi kwambiri. Mkwiyo utatha anandifotokozera kuti chaka chilichonse, pa tsiku limene msilikaliyo anaphedwa, amamupempherera ali chilili, monga ankachitira bambo awo. Ankadzukadzuka poyesa ngati miyendo idzawalola.

Ndinasinkhasinkha masiku atatu. Kuuza mwana wawo ndinkaopa, kubisa ndinkaopanso. Pomaliza ndinamuimbira foni. Anangoti wamva, n'kudula.

M'mawa wa tsiku lopempherera msilikali lija ndinawamanga lamba wogwirira odwala m'chiuno. Tikudzuka, mwana wawo analowa, chipale chofewa chili pansapato. Sanandiyang'ane. Anagwira mkono winawo, ndipo bamboyo anapemphera m'Chiarabu, thupi lonse likutilemera, mpaka anamaliza osagwa.

Tikuwakhazika, mwana wawo uja anandiuza kuti kuyambira pamenepo ndiziwaimiritsa m'mawa uliwonse, ndipo za kuwasamutsa tiiwale kaye. Sanazitchulenso. Nkhaniyo inatha pa 14 Febuluwale, chaka chatha.