Sokosi m'thanki ya lole

Lole yomwe bambo anatisiyira inali yakale kuposa ine, ya petulo, ndipo inkanyamula mchenga ndi mabuloko mu komboni yathu yonse ya Mtendere. Ankayiyendetsa ndi achimwene anga. Chaka china inayamba kuvuta: ikayenda pang'ono inkatsokomola n'kuzima, ikapuma n'kuliranso bwinobwino.

Achimwene sanachedwe kupeza chifukwa. "Ni ba neba aja," anandiuza. "Kuchokera pamene tinaponda maluwa yao, motoka siyenda. Vinthu ivi niviziba ine."

Ine, munthu wa kwaya, ndinakhulupirira kuti loleyo yalodzedwa. Miyezi iwiri yathunthu sindinawapatse moni mayi oyandikana nafe aja.

Tsiku lina nditakwera nawo, lole inazimira ku Matero pafupi ndi garaja ya mkulu wina wachiyao, wa kachipewa koyera. Mkuluyo anamasula paipi yochokera ku thanki, n'kuona petulo akungodontha.

"Amayi, injini ilibe mlandu," anatero. "Ili chabe na njala."

Anatsitsa thanki n'kukhuthulira zam'kati m'beseni. Zinatuluka zofiirira ngati madzi a mu ngalande, dzimbiri lokhalokha. Kenaka analowetsa waya, nakoka chinthu chakuda chonyowa. Sokosi! Chitsekero cha thanki chinatayika kalekale, achimwene ankangotseka ndi sokosi, ndiye ina inagweramo. Mkuluyo anafotokoza kuti pampu ikamakoka petulo, sokosiyo inkabwera kudzatseka kukamwa kwa paipi. Injini ikazima, inkachoka yokha.

Atatsegula fyuluta, anayiyang'anitsa padzuwa. Inali ndi bowo pakati.

"Nindani anaboola apa?"

Achimwene anayang'ana pansi. "Inali kutseka maningi. Ninaiboola na msomali kuti petulo azipita."

Ndiye kuti zinyalala zonse zinkalowa mwaufulu mpaka mu kabureta.

Tinathira timiyala m'thankimo kuti tikwechese dzimbiri. Mbali imodzi ndinagwira ndekha, ndipo ndinakhutchumula mpaka mapewa kuwawa, poti manja anga ankafuna chochita. Tinatsuka katatu, n'kuyanika. Mkuluyo anapopera mpweya m'paipi, anatsuka kabureta, anaika fyuluta yatsopano ndi chitsekero chenicheni. Lole inafika kunyumba osazima ngakhale kamodzi.

Njira yonse ndinakalipa. "Inu mumadziwa kuti munaboola fyuluta! Mumadziwa za sokosi yanu! Koma n'kumutchula mzimayi wosalakwa kuti ndi mfiti?"

"Iwe, motoka yayenda. Ufunanso chani?"

Ndinawauza kuti tikapepese limodzi. Anakana, amvekere mwamuna sagwada chifukwa cha sokosi. Ndinapita ndekha.

Mayi aja ndinawapeza akuchapa. Anandimvera mpaka kumapeto, manja ali m'thovu.

"Ninamvela kudala pa pompi potapa manzi kuti ndine mfiti," anatero. "Ninali kuyembekeza kuti muzabwela kunifunsa. Simunabwele."

Masiku ano moni amandiyankha, koma pageti pathu salowanso. Achimwene akuyendetsabe loleyo, ndipo akamadutsa pakhomo pa mayiwo amaliza hutala ngati palibe chinachitika.